Kodi M'chigwa cha Shire Muli Malova? Ndemanga pa Buku la Elias Mandala

Buku la Elias C. Mandala lotchedwa Work and Control in a Peasant Economy lidasindikizidwa ndi University of Wisconsin Press m'chaka cha 1990. Limalongosola mbiri ya anthu a m'chigwa cha kumunsi kwa Shire, kumene lero kuli maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kuyambira 1859, chaka chimene David Livingstone adayenda koyamba pa mtsinjewu, mpaka 1960. Wina angafunse chifukwa chake tikulemba ndemanga pa buku lakale chotere, limene lidatuluka ambiri mwa aseminale a lero asanabadwe. Chifukwa chake nchakuti kuyambira 2020 m'chigwachi mwakhala mukukumbidwa ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, ndipo lonjezo limene limamveka kwambiri pa za ngalandeyo ndi lakuti idzathetsa ulova. Tisanaombe m'manja nkofunika kudziŵa chimene chikutchedwa ulova m'dera limeneli. Pa funso limeneli bukuli lili ndi yankho loposa la zikalata zambiri za chitukuko, ngakhale kuti nalonso lili ndi malire ake, monga tidzaonera.

Zimene bukuli likunena

Mandala, amene amalemba dzina la mtsinjewu kuti Tchiri potsata matchulidwe a eni dera, akuyamba ndi dothi ndi madzi. Amang'anja akale anali ndi minda ya mitundu iŵiri. Ku mphala ankabzala mapira ndi mchewere podalira mvula ya dzinja. Madzi a Shire akaphwa ankatsikira ku dimba, kumene dothi losiyidwa ndi chigumula linkabereka chimanga, nyemba ndi maungu m'chilimwe. M'dziko lotentha chotere, limene mvula yake njosadalirika, munda wina ukakanika winawo unkaombola banja. Panalinso ntchito zamanja: amuna ankasula makasu ndi kuomba nsalu za thonje zotchedwa machila, amai ankatcheza mchere ndi kuumba miphika, ndipo m'matamanda munali nsomba. Chaka chonse chinali ndi ntchito yake, ndipo banja lenilenilo ndilo linkagaŵa nthaŵi pakati pa ntchitozo.

Kuchokera pamenepa wolembayu akutsata m'mene mphamvu yogaŵa nthaŵi ya ntchito idachokera m'manja ena kupita m'manja ena. Malonda a akapolo ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 zidabalalitsa midzi. Makololo amene adabwera ndi Livingstone, amene maina ao monga Kasisi, Maseya, Katunga ndi Mlilima akali maina a maufumu ku Chikwawa, adadzisandutsa mafumu nayamba kulimitsa anthu minda yao. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda lidabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo katundu wochokera kunja adapha pang'onopang'ono ntchito ya osula ndi oomba nsalu. Nthaŵi yomweyo Asena ankaloŵa ambirimbiri kuchokera ku Mozambique, kuthaŵa nkhanza za ntchito yokakamiza ya kumeneko.

Chigawo chogwira mtima kwambiri ndi cha thonje. M'zaka za m'ma 1920 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1930 chigwachi chinkatsogola pa ulimi wa thonje pakati pa alimi akuda a m'Nyasaland. Kuyambira 1923 bungwe la British Cotton Growing Association lidapatsidwa mphamvu yogula lokha thonjelo, ndiye kuti mlimi analibe chonena pa mtengo. Komabe thonje lidapatsa mwamuna njira yolipirira msonkho ali pakhomo pake, osapita ku esiteti ya mzungu kapena ku migodi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a nyanja ya Malaŵi atakwera, Shire adasefukira nameza madimba ambiri, ndipo madziwo sadabwerere msanga. Madzi saiŵala khwaŵa. Munda wachiŵiri uja utamira, thonje lidayamba kulimbirana malo ndi manja ndi mbeu za chakudya, ndipo amuna ochuluka adayamba ulendo wa ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Anthuwo anali omwewo, khama lao linali lomwelo. Chimene chidasintha ndi chakuti adataya malo amene khamalo linkaberekerapo.

Mandala sakometsa zakale. Akuonetsa kuti m'mudzi momwemo munali kulimbana: akulu kulamulira thukuta la achinyamata, mkamwini kulimira apongozi, amuna ndi akazi kukangana pa ndalama za thonje. Akusimbanso za nomi, kagulu ka anyamata ndi atsikana kamene kadafala ndi Asena, kamene kankalima m'minda ya anthu ena molipidwa ndi kugwiritsa ntchito zopezazo pa zofuna za kaguluko. Wansembe aliyense amene amavutika kuyambitsa gulu la achinyamata pa parishi aŵerenge masamba ameneŵa. Adzaona kuti achinyamata a m'chigwachi adadziŵa kale kudzisonkhanitsa pa ntchito popanda wowauza.

Liu lakuti ulova

Phindu lalikulu la bukuli kwa ife lili pa mau aŵiri a mutu wake, ntchito ndi ulamuliro pa ntchitoyo. Liu lakuti lova limayeza munthu ndi muyeso wa ntchito yolembedwa, ya bwana ndi malipiro a pamwezi, ndipo lili ndi chitonzo m'kati mwake, ngati kuti munthuyo amangokhala. Tikayenda pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula, tipeza anyamata opalasa kabaza kuyambira mbandakucha mpaka dzuŵa kuloŵa, otentha makala m'mapiri, asodzi a m'dambo la Ndindi, amai okumba nyika m'chaka cha njala, ndi mabanja athunthu opalira minda ya eni pa ganyu pamene yao ikumera thengo. Kutcha anthu otereŵa malova ndi kuŵanamizira. Amagwira ntchito yoŵaŵa kuposa ya ambiri a ife, koma sadziŵa ngati maŵa idzakhalapo, salamula mtengo wake, ndipo zimene amapeza sizifika pogulira khasu latsopano, mbuzi kapena kulipirira mwana sukulu.

Ngakhale akatswiri a kalembera amapunthwa pa mwala womwewu. Muyeso wa bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la International Labour Organization umaŵerenga munthu kuti ali pa ntchito ngati adagwirako ntchito yopezera ndalama ngakhale ora limodzi lokha pa mlungu. Kafukufuku wa boma la Malaŵi wa 2013 adapeza kuti osoŵa ntchito anali pafupifupi 7 pa anthu 100 alionse potsata muyeso wokhwima, koma pafupifupi 20 pa 100 akaŵerengedwa ndi amene adatopa nako kufunafuna. Ziŵerengero zonse ziŵirizi zimamulumpha mnyamata wa kabaza uja, pakuti iye ali pa ntchito. Tsono boma kapena chipani chikalonjeza ntchito zochuluka, monga lonjezo la ntchito 1,000,000 limene lidamveka pa chisankho cha 2020, funso loyenera kufunsa ndi limene Mandala amafunsa pa nyengo iliyonse ya mbiri yake: ndani adzalamula malo, madzi, nthaŵi ndi mtengo wa thukuta la munthuyo?

Pamene bukuli likupereŵera

Tisabise zofooka zake. Choyamba, likuthera mu 1960, pakhomo penipeni pa kusintha kwakukulu koposa. Mu 1965 kampani ya Lonrho idakhazikitsa SUCOMA ku Nchalo, fakitale idayamba kupanga shuga mu 1966, ndipo mu 1997 mindayo idapita m'manja mwa Illovo. Mu 1968 ku Ngabu kudayamba chitukuko cha thonje cholipiridwa ndi World Bank pa dothi lakuda la makande. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown nipha anthu 74 a ku Malaŵi ochokera ku migodi, ndipo Pulezidenti Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu a ku migodi, kotero kuti amuna oposa 100,000 adabwerera kwao m'dziko lonse lino. Theba idatsekulanso khomo pang'ono mu 1977, nilitseka mu 1988. Woŵerenga wofuna kumvetsa ulova wa lero ayenera kulemba yekha m'mutu mwake machaputala ameneŵa. Mandala adabwereranso ku chigwachi m'buku lina la 2005, The End of Chidyerano, limene likufika mpaka 2004, koma mtima wa bukulo uli pa chakudya ndi njala.

Chachiŵiri, njira yake yoŵerengera mbiri imayang'ana kwambiri pa chuma ndi mphamvu. Njirayi imaunikira zambiri, koma woŵerenga wathu adzamva ludzu pa za chikhulupiriro cha anthu ogwira ntchitowo. Apa nkoyenera kuliŵerenga pamodzi ndi zolemba za Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene adatumikira m'chigwachi, makamaka River of Blood la 1992. Iwo adaonetsa kuti kachisi wa Mbona ku Khulubvi sankangopempha mvula, ankaweruzanso mafumu ndi maboma pa kasamalidwe ka dziko. M'zaka za m'ma 1950, pamene atsamunda ankakakamiza anthu kulima mizere pa lamulo la malimidwe, kukana kwa anthu kudatsamiranso pa dzina la Mbona. Kwa Mmang'anja kalimidwe kanali nkhani ya chipembedzo. Wopanga mapulani amene saona zimenezi adzadabwa pamene anthu akukana chinthu chimene iye akuchiyesa chabwino.

Chachitatu, bukuli lingasokeretse munthu woliŵerenga mothamanga, nkuganiza kuti mankhwala ake ndi kubwerera ku mphala ndi dimba za makolo. Wolembayo sanena zimenezo, koma saperekanso njira ina, poti iye ndi wolemba mbiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 860,000 m'maboma aŵiriŵa. Chigumula cha Januwale 2015, namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 zidakokolola minda ndi midzi, ndipo dimba limene linkaombola mabanja lasanduka malo oika moyo pachiswe. Popanda ulimi wothirira ndiponso ntchito zina zosadalira khasu, achinyamata a kumeneko alibe poima.

Chachinai ndi chinenero. Bukuli lidamangidwa pa mau a nkhalamba za m'chigwachi zimene wolembayo adacheza nazo, koma lidalembedwa m'Chingerezi chozama cha ku yunivesite ndipo lidasindikizidwa ku America. Zidzukulu za amene adasimba mbiriyo sizingaliŵerenge, ndipo ngakhale m'malaibulale athu silipezeka wamba.

Kuyesa za lero ndi muyeso wa Mandala

Tiyeni tsono titenge funso lake lija tiyesere nalo zimene zachitika m'chigwachi kuyambira pamene iye adalekezera. Esiteti ya Nchalo idabweretsa malipiro, misika, ndi tauni pamene panali tchire, ndipo palibe wokana kuti mabanja ambiri adaphunzitsa ana ndi ndalama za shuga. Koma gawo lalikulu la ntchito ya m'munda ndi la nyengo yodula nzimbe, m'miyezi yopanda mvula. Nyengoyo ikatha wodula nzimbe amabwerera kumudzi kumene malo adachepa. Iye ali ndi malipiro, koma pa malo, madzi ndi mtengo alibe liu.

Doko la Nsanje ndi chitsanzo cha mtundu wina. Lidatsekulidwa ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010 ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, anthu atauzidwa kuti Nsanje idzasanduka mzinda wa malonda. Chombo chimene chinkayembekezeka tsikulo chidagwidwa ku Mozambique, poti mgwirizano wa kayendedwe pa Zambezi unali usanapsye. Ntchito zimene zidalonjezedwa zinkadalira chilolezo cha boma lina, ndipo anthu a ku Nsanje adangokhala oonerera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Pali njira yachitatu, ya alimi ang'onoang'ono olima nzimbe pamodzi. Ku Kasinthula, kumene alimi adayamba nzimbe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ngongole yoyambira ntchitoyo idalemera kwambiri kwacha itagwa mphamvu, ndipo kwa zaka zambiri phindu linkathera kubweza ngongole. Ku Phata, kumene kopaletivi idakhazikitsidwa mu 2011, mabanja adaphatikiza minda yao, nalemba akatswiri oyendetsa munda waukuluwo, namagaŵana phindu molingana ndi kukula kwa malo amene aliyense adapereka. Pamenepa mlimi ndi mwini wake, ndipo izi zikuyankha mbali ina ya funso la Mandala. Mbali ina yatsala: munda woyendetsedwa ndi makina ndi akatswiri sufuna manja ambiri ngati minda ing'onoing'ono imene idalipo. Bambo angalandire gawo lake la phindu pamene ana ake aamuna atatu alibe polima ndipo sadalembedwe ntchito.

Ngalande ya ku Kapichira ikutsata njira yofanana ndi ya Phata, koma pa malo aakulu zedi. Chitukuko chimenechi, Shire Valley Transformation Programme, chimene World Bank idavomereza gawo lake loyamba mu 2017 ndipo African Development Bank ikuthandizanso, cholinga chake ndi kuthirira mahekitala 43,370 kuchokera ku Chikwawa mpaka ku Bangula, kuphatikizapo minda ya nzimbe imene ilipo kale. Eni minda akuyenera kulembetsa malo ao potsata lamulo la malo a makolo la 2016, kenaka kuŵaphatikiza m'makopaletivi. Ngati zitayenda bwino, ngalandeyi idzabwezera chigwachi munda wachiŵiri umene chidataya m'ma 1930, munda wobereka m'chilimwe. Nchifukwa chake sitiyenera kuinyoza. Komanso namondwe Ana adaononga damu la Kapichira pamalo penipeni potungira madzi a ngalandeyo, kutikumbutsa kuti mtsinjewu sunagonje.

Amene waŵerenga Mandala adzafunsa mafunso aŵa. Pa chikalata cha malo palembedwa dzina la yani, makamaka pamene Amang'anja amatsata mbumba ya kuchikazi ndipo Asena amatsata kuchimuna? Mai wamasiye ndi mkazi wachiŵiri aima pati? Nanga mnyamata amene analibe munda pa tsiku la kalembera, ndi amene ankangobwereka, adzadya chiyani? Ng'ombe ndi mbuzi, zimene ndi nkhokwe ya mabanja ambiri a kumeneko, zidzadya kuti? Banja lidzasiyiridwa kadimba ka chakudya kapena lidzagula ufa ndi ndalama zobwera kamodzi kapena kaŵiri pachaka? Wogula zokolola akakhala mmodzi yekha, monga mu 1923, adzaika mtengo ndani? Potsiriza, thonje, mpunga, nyemba ndi zikopa zidzakonzedwa m'chigwa momwemo, kapena zidzakwera phiri la Thabwa zosakonza kukapatsa ntchito anthu a ku Blantyre? Pa funso lomalizali ndi pamene pagona ntchito za achinyamata opanda minda, pamodzi ndi umisiri wokonza mapampu, mathirakitala ndi mipope, umene uyenera kuphunzitsidwa ngalande isanafike.

Udindo wa Eklezia

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa mafunso ameneŵa ndi omwenso Eklezia amafunsa. M'kalata yake Laborem Exercens ya pa 14 Sepitembala 1981, yokumbukira zaka 90 za Rerum Novarum ya Papa Leo XIII, Papa John Paul II adaphunzitsa kuti ulemu wa ntchito umachokera kwa munthu woigwirayo, kuti thukuta la munthu liyenera kutsogola chuma ndi makina, ndi kuti antchito akhale ndi gawo pa umwini ndi kayendetsedwe ka malo ao a ntchito. Adatcha ulova choipa, makamaka ukagwera achinyamata, ndipo mlandu wake sadausenzetse bwana yekha wolemba ntchito ai, komanso boma ndi mapangano a pakati pa maiko amene amakonza m'mene ntchito ikhalire. Wolemba mbiri wa ku yunivesite ndi Papa adafika pa mfundo imodzi kudzera njira zosiyana. Aepiskopi athu nawonso, m'kalata yao ya Lenti ya pa 8 Malichi 1992, adadzudzula malipiro ochepa a antchito ndi mitengo yotsika yogulira mbeu za alimi.

M'fanizo la antchito a m'munda wa mphesa, pa Mateyo mutu 20, amene adaima pamsika mpaka madzulo atafunsidwa chifukwa chake, adayankha kuti panalibe wowalemba, ndipo mwini munda adaŵalipira zokwanira chakudya cha tsikulo. Kaŵirikaŵiri ulaliki wathu pa za ntchito umathera pa kudzudzula ulesi ndi kuledzera kwa achinyamata. Zoipazo zilipo, koma wolalika amene amayambira pomwepo ndi kutherapo amaonjezera chitonzo pa munthu wotopa kale. Dayosizi ya Chikwawa, imene idakhazikitsidwa mu 1965, chaka chomwecho cha SUCOMA, ili ndi miphakati m'midzi imene ngalandeyi ikudutsamo. M'miphakatimo ndi momwe chikalata cha malo ndi malamulo a kopaletivi angaŵerengedwe mokweza m'Chimang'anja ndi m'Chisena anthu asanadinde chala, ndipo a Chilungamo ndi Mtendere angaonetsetse kuti amai ndi achinyamata ali m'makomiti. Tikumbukirenso kuti parishi, sukulu ndi chipatala cha mishoni nazonso zimalemba anthu ntchito. Muyeso umene tikuyesera esiteti uyenera kuyesanso malipiro a mphunzitsi wa katekisimu, mlonda ndi wophika wa pa parishi.

Tikupempha aphunzitsi a m'maseminale athu kuti bukuli liikidwe pambali pa Laborem Exercens m'phunziro la chiphunzitso cha Eklezia pa za chikhalidwe cha anthu, ndipo kuti aseminale opita kukachita chaka cha utumiki ku maparishi a m'chigwachi aŵerengeko zigawo za dimba, thonje ndi nomi asananyamuke. Kukadakhalanso bwino wina mwa ansembe obadwira kumeneko akadapempha chilolezo cha eni bukuli kuti alifupikitse m'chinenero cha anthu, naonjezerapo mbiri ya zaka za shuga ndi za ngalande, nkhalamba zimene zidaona Nchalo isanabzalidwe nzimbe zikali moyo.